Munthu Wopanda Mapepala pa Njinga ya Che Amadu

Ntchito yanga yoyamba inali ya kabaza pa Ntaja, ndipo anandipezera ndi alamu anga. Chaka chimenecho thonje linatigwiritsa fuwa la moto kwathu ku Chikweo, ine ndili chikwatirireni kumene, ndipo kuchikamwini munthu wongokhala amamuyang'ana ndi diso lina. Alamu anga ananditengera kwa Che Amadu, mkulu wogulitsa zipangizo za njinga, amenenso anali ndi njinga zingapo zobwereketsa.

Che Amadu sanandifunse za sukulu. Anandipatsa tayala lopindika ndi kasipanala ka masipoko, nati ndiliwongole. Ntchito imeneyi imafuna kudekha. Umazunguza tayala chala chili pafupi ndi limu, pamene lakhudza chala umamasula sipoko ya mbali imeneyo n'kumanga ya mbali inayo, pang'onopang'ono. Nditamaliza analizunguza okha, kenako anandilozera njinga yakuda ya khushoni yofiira pa kaliyala.

"Njinga yanga sinyamula zinthu zitatu," anatero. "Makala, nkhumba, ndi anthu opanda mapepala."

Ya nkhumbayo ankandinena ine, podziwa kuti ndine Mkhristu, ndipo tonse tinaseka. Koma yachitatuyo sankaseka nayo. Masiku amenewo kunkadutsa anthu ochokera ku Ethiopia ndi ku Somalia, odzera njira zachidule kulowera ku Mozambique, ulendo wa ku Joni. Anzathu ena ankawanyamula, ndipo akagwidwa njinga inkatsalira kupolisi.

Ine lamulolo ndinkagwirizana nalo ndi mtima wonse. Pa siteji, tikamadikira makasitomala pansi pa mtengo, nkhani imeneyi sinkatha, ndipo wokweza mawu ndinali ineyo. Ndinkati munda wopanda malire amakolola ndi aliyense. Ndinkati m'chipatala mankhwala akutiperewera ife eni dziko, nanga tiwonjezerenso pakamwa pena? Mpaka lero sindinganene kuti zonse zimene ndinkanenazo zinali zabodza.

Ntchito ndinaizolowera msanga. M'mawa ndinkapopa matayala, kuyesa mabuleki, kudontheza oyilo pa tcheni ndi kumanga zopondapo za kasitomala, chifukwa zimamasuka ndi mabampu. M'kachikwama ka pansi pa chishalo munkakhala zigamba, guluu, pampu ndi sipanala. Ndinaphunzira kuti mayi wovala chitenje amakhala chammbali, choncho pokhota sukhota mwamphamvu. Ndinaphunziranso kuti pamchenga supikisana ndi njinga, umangotsika n'kukankha. Pakhomo ndinayamba kulandiridwa ndi madzi osamba otentha, apongozi anga n'kumanditchula dzina.

Tsiku lovuta linafika m'mwezi wa Ramadhani. Ndinali nditatula kasitomala kumudzi wina cha ku Chikweo ndipo ndinkabwerera wopanda munthu, dzuwa likuswa mtengo. M'mbali mwa munda wa chinangwa ndinaona amayi ataima mozungulira, makasu ali m'manja. Pakati pawo panagona mwamuna wamtali, wowonda, wa tsitsi lofewa. Mapazi ake anali otupa, nsapato zitang'ambika, milomo itasweka ngati dothi la padambo m'chilimwe. Amayiwo anati anzake anadutsa m'mamawa ndi munthu wowatsogolera, ndipo uyu atalephera kuyenda anangomusiya.

Ndinatsika n'kumupatsa botolo langa la madzi. Analikankha. Ndinayesanso, iye n'kutseka pakamwa, akuloza dzuwa ndi chala.

"Afunga amenewa," anatero mayi wina. "Sangamwe mpaka dzuwa lilowe."

Ndinapsa mtima. Munthu akufa ndi ludzu, madzi ali pamlomo, iye akusala kudya! Amayiwo anamuuza m'Chiyao kuti amwe, ine m'Chichewa, ndinayesanso kachingerezi kanga ka ku pulayimale, koma zonse zinangopita ndi mphepo. Ndinayang'ana njinga, ndinayang'ana munthuyo. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikutaya ndikamukweza. Ndinkadziwanso kuti dzuwa likamalowa iyeyu sadzakhalapo. Mantha ndinali nawo, ndipo sindibisa, ndinafunitsitsa ndikanadzera njira ina.

Wodwala wosatha kudzigwira sumangomukhazika pa kaliyala. Ndinakwera pa chishalo mapazi ali pansi, amayi aja anamunyamula n'kumukhazika kumbuyo, chifuwa chake chitatsamira msana wanga. Mayi wina anavula chitenje chapamwamba, tinachidutsitsa m'khwapa mwake n'kumanga mfundo pachifuwa panga. Mapazi ake tinawamangira ku zopondapo ndi luzi kuti asalowe m'masipoko. Anali wopepuka moti ndinachita mantha. Njira yonse mutu wake unkagunda phewa langa, ndipo ndinkamvetsera mpweya wake pakhosi panga kuti ndidziwe ngati akadalipo.

Njira ya kuchipatala imadutsa pa siteji yathu, ndiye panalibe pobisala. Anzanga atandiona anaimirira onse. Tcheyamani wathu, Che Bwanali, anagwira handulo.

"Jailosi, wapenga? Si iwe umatilalikira pano tsiku ndi tsiku? Utiyipitsira siteji yonse. Mawa apolisi azidzati akabaza a pa Ntaja ndiwo amazembetsa anthu."

Anthu anadzaza. Wina anati timutsitse pomwepo n'kuyitana apolisi, ndiwo adziwe chochita naye. Wina anati anthu amenewa amabwera ndi matenda. Wina anati ufulu wachibadwidwe ulipo, koma dziko nalonso lili ndi khomo, ndipo mlendo wabwino amaodira. Mawu onsewo anali anga omwe.

Amene anayankha ndi Abiti Saidi, mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi siteji.

"Che Bwanali, mwana wanu ali ku Joni anapita ndi mapepala anji? Wanganso ali komweko, ndipo anapita chozemba. Akadzagwa panjira, mukufuna adzamuyitanire apolisi kaye, kapena adzamupatse madzi?"

"Iyayi, mayi, zimenezo ndi zina," anatero Che Bwanali.

"Ndi zina bwanji? Ndipo uyu Jailosi, agogo ake pochokera ku Mozambique anaodira kwa ndani?"

Anthu ena anaseka, ena anang'ung'udza, mkangano n'kukula. Apo munthu uja anali akadali womangidwa kumsana kwanga, ndipo ndinamva mutu wake ukulemera. Ndinakuwa kuti wina athamange kumzikiti akayitane mwalimu, poti munthuyu akukana madzi.

Mwalimu wa madrasa anabwera mofulumira, mkanjo ataukwinya m'manja. Anatimasula, tinamugoneka pamthunzi. Mwalimuyo anagwada, nam'patsa salamu, ndipo munthu uja anatsegula maso n'kuyankha. Kenako anamulankhula m'Chiarabu, mawu ochepa, mobwerezabwereza. Pambuyo pake anatiuza kuti ankamukumbutsa zoti wodwala ndi wapaulendo amaloledwa kumasula kusala kwawo, n'kudzabweza masikuwo akachira. Abiti Saidi anasungunula shuga ndi kamchere m'kapu. Mwalimuyo, amene nayenso anali atafunga kuyambira m'bandakucha, anagwira kapuyo ndi dzanja lake n'kuyiika pamlomo pa mlendoyo. Mlendoyo anamwa, misozi ikutsika.

Ndinamufikitsa kuchipatala ndipo anamuika diripi. Apolisi anabwera, poti nkhani inali itawapeza kale. Sanandichite nkhanza. Anandifunsa kumene ndinamutola, anapita kukafunsa amayi aja, ndipo ine anandimasula, koma njinga inatsala ngati umboni. Munthuyo atachira anamutengera kukhoti chifukwa cholowa m'dziko popanda chilolezo. Ndinamuona kamodzi ali kumbuyo kwa galimoto ya apolisi, atakhala tsonga, akudzigwira yekha. Dzina lake sindinalidziwe, ndipo kumene anathera sindikudziwa.

Njinga inatenga nthawi kuti ituluke, ndipo Che Amadu anayenda maulendo ambiri kukaitsatira, sitolo atatseka. Tsiku limene inabwera ndinapita kukawaona. Ndinawapeza akupukuta dzimbiri pa tcheni.

"Ukanamusiya pamunda paja, sindikanakupatsanso moni moyo wanga wonse," anatero osadzutsa mutu. "Koma lamulo langa unalimva. Njinga iyi ndapatsa wina."

Sindinatsutse. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo ndinabwerera ku Chikweo wapansi kukayamba maganyu m'minda ya anthu. Kuchikamwini diso lija linabwerera. Apongozi anga ankauza anzawo kuti mkamwini wawo anataya ntchito chifukwa cha munthu amene sangathe n'kumutchula dzina, ndipo sankanama.

Panopa ndili ndi njinga zanga ziwiri pa Balaka, imodzi ndimapalasa ndekha, ina ndimabwereketsa. Za malire maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Wolowa chozemba ayankhe mlandu wake, ndipo owazembetsa aja, amene amasiya munthu m'munda wa chinangwa akatopa, ndikanakonda onse atagwidwa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mlandu amayankha ndi munthu wamoyo. Mnyamata amene ndamubwereka njinga ndimamuuza kuti asanyamule anthu ozemba, ngakhale amulonjeze zingati. Iye anandifunsa kuti nanga akapeza wina atagwa panjira atani.

Ndinamuyankha kuti, "Nyamula. Njinga ndidzakaitsatira ndekha, ndipo ikadzatuluka udzaipeza ikukudikira."