Chisa cha mu ekizozi

Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri. Ndinkanyadira phunziro la paladiyamu, chitsulo chomwe amapaka m'chisa chonga cha njuchi mu ekizozi ya galimoto. Mpweya wakupha wa kaboni monokusaidi umamatira pa chitsulocho, ululu wake n'kutha usanatuluke panja. Mwana akalakwa funso limeneli ndinkamukwapula.

Galimoto yanga itayamba kufooka pokwera zitunda za ku Chiparamba, ndinapita nayo ku galaja ku Kapata. Makaniko wake, bambo wandevu tsopano, ndinamuphunzitsa ndine.

"Chisacho chatsekeka, ingochigumulani," ndinatero. "Chatsopano n'chodula."

Anatola nyundo n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, nanga utsiwo azipuma ndani? Paja ine munandikwapula chifukwa cha chisa chomwechi."

Sindinamuletse kugumula chisacho. Ndinayang'ana kumsewu mpaka nyundo inasiya kulira.