Mawu ako akadali m'kakamera kaja

Chanda, lero chakwana chaka chikuikire m'manda, koma nsanje yanga sinalowe nawe m'dzenjemo. M'mawa ndayatsa kakamera ka pageti kaja tinkakalembera pulogalamu, ndipo mawu oyesera akadali ako: "Tomato, tomato, ba mayo, bwelani mugule!" Unadzijambula wekha pamsika ku Mtendere, azimayi ogulitsa akufa nazo kuseka.

Kuntchito iwe anakupatsa mbali ya mawu, ine ya vidiyo. Tsiku lija unapanikiza mawuwo mpaka anakwana m'kachipu ka m'kamera kochepa ngati chikhadabo, n'kumamvekabe bwinobwino, ba bwana anaimirira. "Uyu Chanda ali na mutu, imwe!" Onse anaomba m'manja. Ine, nditatha milungu itatu ndikulimbana ndi vidiyo yomangodukiza, ndinapinda manja. Unandiona, n'kundikankhira chitumbuwa chako. Vidiyo yanga pano imayenda bwino, koma palibe amaitchula. Aliyense wobwera amangofunsa kuti mawuwa anakonza ndani. Lero ndakuombera m'manja ndili ndekha mu ofesi. Koma usanamizike mnzanga, zikundiwawabe kuti unandiposa, n'kupita ndisanakubwezere.