Chaka chimene agogo anasiya kuseka

Fungo la ndimu wongodula kumene limandibwezera kwa agogo anga aamuna. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke m'mapiri a ku Lizulu, ankakhala kuseri kwa nyumba n'kuphwanya khala pamwala, kufinyirapo ndimu, kenako kukwecha mano ndi kamtengo kotafuna kunsonga, mwamphamvu moti phokoso lake tinkalimva tili kukhola la mbuzi. Manowo anali oyera mbee, ndipo eni ake ankawanyadira. Pamsika pamene ankagulitsa kachewere ankakonda kunena kuti, "Wogula amayamba waona mano, mbatata pambuyo."

Anali munthu wa chikhakhali. Akaseka, ngakhale a tsidya la msewu, mbali ya Mozambiki, ankacheuka.

Ndiye chaka china, kuzizira kwa Juni kutafika pachimake, agogo anangoti zii. Moni ankayankha ndi mutu. Kutchalitchi nyimbo ankaimbira m'mphuno. Choipitsitsa, akabwera kuchokera kudimba, agogo aakazi, a Nangozo, n'kuwagwadira ndi chikho cha madzi a mumtsuko, iwo ankangolawa pang'ono, kukwinya nkhope, n'kubweza chikhocho.

A Nangozo zinawalasa mtima. Mwamuna wamwa madzi a m'manja mwako kuyambira pa unyamata, lero awakane? Tsiku lina m'mawa ndikusesa pabwalo ndinawaona akutuluka m'nyumba atamanga zovala zawo m'chitenje.

"Abambo," anatero ataima pamaso pa agogo, "ngati mwapeza wina wokutungirani madzi okoma, nenani. Ine ndikupita kwa alongo anga ku Kasinje."

Agogo anadzidzimuka n'kutsegula pakamwa ponse kuti ayankhe. Mphepo yozizira inalowa, ndipo pomwepo anagwira tsaya.

"Mayo ine! Nangozo, si inu ayi. Ndi manowa! Madzi ozizira, tiyi wotentha, ngakhale mphepo, zikangokhudza zimakhala ngati wina wabaya singano."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene bwanji, mudzi wonse ukudziwa mmene ndimawatamira?"

A Nangozo anawayang'ana kanthawi, kenako anakhala pa mtolo wawo uja n'kuseka mpaka misozi. Agogo nawo anafuna kuseka, koma anaphimba pakamwa ndi chipewa.

M'mawa mwake awiriwo anakwera minibasi kupita kuchipatala ku Ntcheu Boma, ndipo atabwera a Nangozo anatifotokozera zonse mosasiyako. Dokotala sanapeze dzino lobooka ngakhale limodzi. Anati makala ndi mandimu aja anapala chikuto cholimba cha kunja kwa mano, ndipo kukwecha mwamphamvu kunakankha nkhama mpaka tsinde la dzino linatsala pamtunda. Chikutocho sichimeranso, anatero, koma ululu ukhoza kuchepa. Anawauza kuti agule mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano opangira vuto lomweli, azitsuka modekha, ndipo akadya zowawasa azingotsuka mkamwa ndi madzi, mswachi udikire.

Agogo ankaunyoza mswachiwo. "Kameneka n'kosisitira mwana," ankatero. Komabe ankaugwiritsa ntchito, chifukwa a Nangozo ankaima pafupi mpaka amalize. Madzi awo akumwa tinayamba kuwaika padzuwa kuti afunde, ndipo patapita masabata angapo tinamva chikhakhali chija chikuchokera kudimba. A Nangozo anasiya kusinja, n'kumvetsera, kenako anapitiriza akuimba.

Onse awiri anatisiya kalekale. Ine tsopano ndili pabanja, ndipo amuna anga ndi munthu woti akadwala sanena. Ndikawaona angokhala duu, chakudya akungochitosa, mtima umathamangira kuganiza kuti ndawalakwira. Zikatero ndimakoka mpando, kukhala pafupi nawo, n'kufunsa kuti, "Pakupweteka ndi pati?" Nthawi zambiri amayamba akana, kenako amaloza.