Zitsa za pa Khoma la Damu

Anthu ankawatcha a Chidendene. Dzina lenileni ngakhale akazi awo ankachita kulifunafuna m'mutu. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anali mlonda wa damu laling'ono, la khoma la dothi, limene linatseka kamtsinje kumtunda kwa mudzi. M'mawa uliwonse ankavula nsapato n'kuyenda kuseri kwa khomalo, akudinda pansi ndi chidendene ngati munthu wopha linthumbu. Pouma ankapitirira. Pofewa ankaima n'kuzikapo kamtengo.

Amayi opita kochapa sankawasiya.

"Vinani bwino, achimwene, ng'oma ili m'njira!"

"Ndikadzasiya kuvina ine, inu mudzasambira ndi mabedi omwe," ankayankha osadzutsa mutu.

Sukulu anaithawa atangodziwa kulemba dzina, poopa kuti aphunzitsi angawonjezere zina. Pomanga damulo anali mnyamata wokankha wilibala, ndipo ntchito itatha anamusankha kukhala mlonda chifukwa nyumba yake inali pafupi, komanso mowa ankauyamba masana. Koma khama lopanda nzeru ndi galu wolusa: amaluma ndi mwini yemwe. Chaka china kunabwera alangizi n'kuphunzitsa kuti mitengo imagwira dothi. Iwo ankanena za m'minda ndi m'zigwembe. A Chidendene anamva ndi makutu onse awiri, n'kukadzala bulugama khumi ndi awiri pamwamba pa khoma, mzere woongoka bwino.

Mitengoyo inakula mosiririka. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, choncho bulugama uja ankamutcha ana awo aamuna.

"Pitani akakuphikireni ana anuwo," akazi awo ankatero akachedwa kubwera kunyumba.

Patatha zaka makumi awiri kunafika injiniya wa nsapato zosadziwa matope. Atangotsika m'galimoto anagwira m'mutu.

"Ndani anadzala izi?"

"Ndine, bwana," anatero a Chidendene, chifuwa patsogolo, akuyembekeza kugwidwa chanza.

"Madala, mizu ya mitengo imaboola khoma. Dulani yonse sabata ino. Zitsa musazikhudze, ndibwera ndi makina tidzazule, m'maenjemo tidzatsendere dongo."

Anadula. Nkhwangwa anaigwira okha, sanalole wina. Injiniya uja mpaka lero akubwera. Zitsa zina zinayesa kuphuka, iwo n'kumasadza mphukirazo mpaka zinagonja. Kenako chiswe chinalowa. Muzu ukawola m'kati mwa khoma umasiya njira, ngati una wa mbewa, ndipo madzi sachita kuitanidwa kawiri. Izi a Chidendene anazizindikira okha, pang'onopang'ono, ndipo sanauze munthu. Ankangodinda kwambiri akafika pansi pa zitsazo.

Akazi awo atamwalira, anayamba kudya kwa mwana wawo. Iyeyo anakwatiwa ndi mlimi wa matimati, munthu wolimbikira, wa mawu okuluwika, amene anamanga nyumba kunsi kwenikweni kwa khoma kuti payipi isatalike. Anali ndi ana atatu. Mkamwiniyo ndiye ankasunganso kiyi wa mpopi waukulu wotulutsira madzi pansi pa damu, poti anali mlembi wa komiti ya damulo.

Chaka china mvula inagwa ngati yabwerekedwa. Pofika kumapeto kwa dzinja damu linali tho, madzi akunyambita udzu wa pamwamba. Anthu ankamwetulira okha m'njira, akuwerengera mbewu za chilimwe.

M'mawa wina, pansi pa chitsa chachisanu ndi chiwiri, chidendene chinalowa mpaka m'kakolo. A Chidendene anagwada. Madzi ankatuluka pamenepo chaka ndi chaka, koma oyera. Awa anali ofiira. Anatapa m'dzanja n'kudikira, ndipo dothi linakhazikika m'mizere ya chikhatho. Khoma linali kudzitaya lokha, supuni ndi supuni.

Komiti inakumana kuseri kwa shopu ya atcheya, pa makreti a zakumwa. A Chidendene anakhalabe chiimire, matope ali m'miyendo.

"Madzi oyera ndi thukuta la damu," anatero. "Ofiira ndi magazi. Titsitse madzi lero, afike pansi pa mizu."

"Pansi pa mizu?" anatero mkamwini. "Apongozi, mukudziwa kuti pamenepo ndi theka la damu? Tidzathirira ndi chiyani, malovu?"

"Mudzathirira muli amoyo."

"Chaka chatha munati nkhanu zaboola. Dzana munati ng'ombe zagumula. Damu lili pomwepo."

Atcheya, munthu wosafuna kukhumudwitsa wogula aliyense, anaimba foni ku ofesi ya boma. Anabwerako akupukuta thukuta.

"Akuti injiniya abwera mafuta akapezeka. Akuti pakadali pano tiziyang'anira."

"Ndayang'anira kale," anatero a Chidendene. "Ndicho ndabwerera."

Wina kumbuyo anaponya mawu: "Nanga si ana anu aamuna omwe akutichita zimenezi?" Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi. Kiyi anakhalabe m'thumba la mkamwini.

Masana a Chidendene anapeza mwana wawo akutsuka mbale pakhonde. Kuchokera pamenepo khoma linkaoneka lonse, litaima pamwamba pa denga ngati phiri. Kamdzukulu kakang'ono kanali kugona pamphasa, kamwa ili yasa.

"Mayi, tenga ana ukagone kwanga masiku ano."

"Bambo, musandiike pakati. Ndikanyamula mphasa ine, mudzi wonse udziwa kuti ndatsutsa mwamuna wanga."

"Tsutsa. Mwamuna amakwiya n'kuleka. Madzi sakwiya, amangobwera."

"Mukutsimikiza kuti ligumuka?"

A Chidendene anayang'ana khoma lija. Bodza sankalitha, ndilo linali vuto lawo lina.

"Sindikudziwa tsiku. Mwina mawa. Mwina lipirira chaka."

"Ndiye idyani, bambo. Zazizira."

Tsiku lachitatu kabowo kotuluka madzi ofiira aja kanali katakula ngati dzanja la munthu, ndipo pansi pake panali kamulu ka dothi lofiira. Linali tsiku la msika, amuna onse atapita ndi madengu. A Chidendene anatenga khasu ndi piki n'kupita kumapeto kwa khoma, kumene kunali ngalande yotayira madzi damu likasefukira. Ngalandeyo inkatsikira m'chigwembe, kutali ndi nyumba. Anayamba kukumba dzuwa lili paliwombo, nkhalamba yokhayokha, msana ukulira ngati chitseko. Ankafuna kutsitsa pang'ono, kufika m'chiuno basi.

Koma madzi ukawatsegulira khomo sakufunsa kuti alekeze pati. Analowa mwaulemu m'kamseu kamene anawakumbira, kenako anayamba kudya m'mbali, kenako pansi. Pofika madzulo kamseu kanali mtsinje wobangula, ndipo munthu sakanautseka ngakhale ndi matumba chikwi. Unakokolola nazale ya mkamwini, mapayipi a anthu asanu ndi mlatho wamitengo. Anthu pobwera ku msika anapeza a Chidendene atakhala pa chitsa, khasu lili pamiyendo, akuyang'ana.

Mkamwini sanawamenye. Anangoima patsogolo pawo.

"Mwatipha, apongozi."

"Ayi. Ndakusaukitsani."

Madzi anatsika masiku anayi. Atatsika, kumaso kwa khoma, mbali ya kumadzi, pansi pa chitsa chija, kunaoneka dzenje lakuda loti mbuzi n'kulowamo osawerama. Anthu anabwera kudzaona. Mphunzitsi wina analowetsamo nsungwi yaitali, ndipo inapita yonse osagunda kanthu.

"Madalawa akumba okha usiku," anatero wina. "Kuti tiwakhululukire."

Si onse anakhulupirira, koma mawuwo anali osavuta kunyamula, ndipo anayenda. Munthu amene wapulumutsidwa ku tsoka limene sanalione samadziwa kuti wapulumuka. Chimene amaona ndi munda wouma. Khoma linali chiimire, nyumba zonse zili bwinobwino, ndiye nkhalambayo inateteza chiyani?

Chilimwe chinabwera ndi mano. Pofika mwezi wotentha m'damu munatsala chithaphwi chobiriwira, ng'ombe zikutitimira m'matope mpaka zina kufera momwemo. Madimba anasanduka fumbi. Amayi ochapa aja tsopano ankayenda mtunda wautali ndi zidebe, ndipo akakumana ndi a Chidendene ankapatuka osapereka moni. Nthabwala zinatha. Komiti inawachotsa ntchito ndi kalata imene anachita kuwawerengera. Kwa mwana wawo anasiya kupitako. Palibe anawaletsa, koma mpando wawo anaupeza utaikidwapo thumba la feteleza.

Injiniya wina, wachinyamata, anafikadi pomaliza. Anajambula dzenje lija ndi foni, n'kunena kuti amene anatsitsa madziyo anachita bwino, kungoti anachita molakwika. Anthu anasunga theka lachiwiri la mawuwo.

Mkamwini anagulitsa malata n'kupeza ntchito yolondera m'tauni. Tsiku losamuka lole inaima pamsewu, ndipo a Chidendene anaima patali pang'ono, pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja. Mwana wawo anabwera yekha. Anali ataonda.

"Tikupita, bambo."

"Ndaona."

"Mukanadikira sabata imodzi. Mwina sizikanachitika."

"Mwina."

Anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuti amutsutse. Kenako anawakonzera kolala ya malaya, imene inali itapindikira m'kati, n'kubwerera ku lole osacheuka.

Fumbi litakhazikika, atcheya anawayandikira, manja kumbuyo.

"Mwaona, madala? Mwathamangitsa magazi anu omwe. Mutsala ndi ndani?"

"Ndawawerenga pokwera," anatero a Chidendene. "Asanu. Aliyense wakwera ndi miyendo yake."

Anavala chipewa n'kuyamba kukwera chitunda cha kwawo, pang'onopang'ono, akupuma kawiri m'njira. Kunyumbako moto unali utazima kuyambira dzulo, ndipo panalibe woti akamupemphe khala.