Mapilitsi a Adada

Kaputeni Temwa Chavula, dokotala wa asilikali, anabadwira ku Mhuju, m'nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa tchalitchi. Zaka khumi wakhala akusoka mabala a anyamata ovala majombo, ndipo sanaopepo magazi. Chaka chino anamusankha kuti apite kunja kukasungitsa mtendere, miyezi khumi ndi iwiri yathunthu. Anamubaya akatemera mpaka mkono kutupa, anamukwawitsa m'fumbi atanyamula chikwama cha mankhwala, kenako anamupatsa masiku anayi okha okatsanzika kwawo.

Nkhawa yake sinali zipolopolo ayi. Inali a Hezron, bambo ake, mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, amene amakhala okha chimwalirireni mayi. Chaka chatha BP inawagwetsa pabwalo, pakamwa mpaka kupindika. Ikawagwetsanso, sadzadzuka. Ndiye Temwa anabwera ndi mapilitsi a chaka chonse, bokosi lililonse atalemba mwezi wake.

Tsiku lachiwiri anapita kumsika kukagula tomato. Pobwera, mayo ine! Pakhonde pali mzere. A Hezron akhala pampando wandalema, magalasi pamphuno, akuthira mapilitsi m'timaenvulopu ta kutchalitchi. Wamsana alandire, wachifuwa alandire, ngakhale wa dzino. Bokosi la Januwale linali litatha kale!

"Adada! Mukuchita chiyani?"

"Ndikuthandiza anthu, mwana wanga. Mankhwala a asilikali ndi amphamvu, aliyense akudziwa."

Tamvani zimenezo! Munthu wophunzira, amene ankakwapula ana chifukwa cholakwitsa samu, akugawa mankhwala a BP ngati mtedza. Temwa anapsa mtima. Anatenga jumbo n'kuyamba kulowa khomo ndi khomo, kulanda timaenvulopu. Ena anabweza monyinyirika. Ena anati usilikali wamuchotsa ulemu. A Kezia, oyandikana nawo nyumba, anawapeza ali thasa pamkeka, dziko likuzungulira. Anali atameza awiri nthawi imodzi kuti bondo lipole msanga. Temwa anawakweza miyendo pamtondo, n'kukhala nawo mpaka maso atayera.

Atabwerera anamanga lamba wa makina oyezera BP pamkono wa bambo ake. Nambala imene inatuluka inali yokwera moopsa.

"Munamwa liti komaliza?"

A Hezron anayang'ana nkhuku pabwalo. "Pa Isitala."

"Isitala! Ndiye amene ndinkatumiza aja?"

"Anathandiza anthu."

Apa Temwa anaiwala kuti akulankhula ndi mkulu wa mpingo. Anawauza zonse: kuti angathe kupha munthu, kuti akudzipha okha, kuti iye akupita kukapulumutsa ana a eni kutali uku bambo ake omubereka akusewera ndi manda. Analankhula mpaka mawu kusasa. Iwo anangomvetsera, akupukuta magalasi ndi mpango.

"Wamaliza?" anafunsa. "Amayi ako ali moyo, khonde ili linkadzaza. Atapita, masabata ankatha popanda wogogoda. Tsiku lina ndinapatsa munthu pilitsi limodzi, mawa lake anabwera atatu. Amakhala pansi, timacheza. Ndikamamwa ndekha, abwera kudzatani?"

Temwa anamasula lamba uja pamkono pawo. Mkwiyo sunathe, unangosintha kolowera. Mpingo wonsewu, anthu amene bambo ake anawaphunzitsa kulemba dzina, mpaka pakhale pilitsi kuti awaone? Nanga iye mwini, anabwera kangati chaka chino?

Mabokosi onse anakawasiya kwa a Kezia, amene tsopano ankawaopa mapilitsiwo kuposa njoka. Lamulo linali limodzi: m'mawa uliwonse abwere ndi pilitsi limodzi, aime pomwepo mpaka limezedwe.

Tsiku lachinayi a Hezron anamuperekeza pasiteji. Kondakitala akukankhira chikwama pansi pa mpando, iwo anamugwira dzanja.

"Ndiye a Kezia azibwera tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, adada."

"Chaka chonse?"

"Chaka chonse."

"Yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka. "Ukabwerako, usadzawauze kuti asiye."