Tizala ta Mlamba

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anabadwa wonenepa bwino. Anayamba kudwala nditangomuletsa bere. Mimba inatupa n'kuuma gwa, miyendo inaonda, matako anafota ngati a nkhalamba. Ankatsegula m'mimba tsiku lililonse, ndipo tsitsi linasanduka lofiirira.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'komboni ya pafamu ina ya fodya, kufupi ndi Centenary, ku Zimbabwe. Dziko linali litalandira kale ufulu, koma m'komboni zinthu zinali mmene anazipezera makolo athu pochokera ku Malawi: nyumba zam'mizere, mpopi umodzi, sitolo ya bwana, ndi bawa. Mwamuna wanga ankayendetsa thirakitala. Inali ntchito yapamwamba, ndipo iye ankafuna kuti aliyense azidziwa zimenezo. Anzake akamabwera ndi tinsomba touma ta kapenta m'thumba, iye ankabwera ndi lofu ya buledi ataikwapatira m'khwapa yosakulunga, kuti azimayi a kumpopi aone kuti ana a dalaivala amadya chingwa, monga amanenera anzathu achishona.

Azimayi a kumpopi omwewo ndi amene anayamba kunong'onezana za tsempho. Kwathu mwana akatupa choncho amati mmodzi mwa makolo ake wayenda kunja kwa banja, n'kubwera kudzagwira mwana ali wotentha. Mwamuna wanga atazimva sanadzifunse za iye mwini, ngakhale komboni yonse inkadziwa kumene ankakagona mwezi ukatha. Anabwera masana, nthawi yopuma, ali ndi lamba wakale wa injini ya thirakitala m'manja.

"Unditchulire dzina lake," anatero.

"La ndani, bambo?"

"La amene ukundiphera naye mwana."

Panalibe dzina loti nditchule. Anandikoka tsitsi mpaka m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi phazi. Lamba wa injini sali ngati chikoti. Ndi wolemera, ndipo akatera pamsana amanyamuka ndi khungu. Anandimenya mpaka belu la kushedi litalira. Kenako anapachika lambayo pamsomali, n'kumwa madzi, n'kubwerera kuntchito. Kuyambira tsiku limenelo, mwana akangodwalika, lamba ankatsika pamsomali paja.

Mwana atafika poti sangathenso kuima, ndinamubereka n'kukwera lole ya feteleza kupita kuchipatala cha mishoni. Anatigoneka. Kumeneko ankatipatsa phala la chimanga ndi mazira, ndipo mwana anayamba kutsegula maso bwino. Tsiku lina mayi wa bedi loyandikana nalo anamunyemera banzi imene abale ake anabwera nayo. Pofika madzulo mwana anali atayambiranso kutsegula m'mimba. Sisitala wina wachishona, wamkulu msinkhu, anandifunsa zimene mwanayo anadya, n'kufunsanso za kunyumba. Mawa lake anabwera atalankhula ndi dokotala.

"Amai, tikuganiza kuti tirigu ndi amene akumupweteka m'matumbo," anandiuza. "Musamupatsenso chingwa, mabanzi, mabisiketi, chilichonse cha fulawa. Ngakhale kachidutswa. Mumupatse chimanga, mazira, nsomba, nzungu."

Nditafika kunyumba ndinafotokozera mwamuna wanga. Anaseka kaye.

"Ndiye kuti wopha mwana ndine? Ndi buledi wanga?"

Mbama yake inanditsekera khutu limodzi kwa masiku angapo. Mwayi wanga unali woti inali nyengo yolima, ndipo iye ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Masana nyumba inali yanga. Vuto linali mwanayo. Anali atazolowera kugwira chakudya m'manja n'kumaluma yekha. Akaona mlongo wake, mwana wanga woyamba wamwamuna, akudya buledi, ankalira mpaka kubanika. Phala ankalavula. Kapenta ankamutsamwa.

Panali mkulu wina, Mchawa wa ku Mangochi, Msilamu, amene ankaphika kunyumba kwa bwana kuyambira ine ndisanabadwe. Tonse tinkangoti agogo. Lachisanu lina akuchokera kokapemphera anandipeza pakhonde nditamupana mwana ndi miyendo, ndikumukanikiza supuni kukamwa. Anaima, kenako anakhala panjerwa.

"Mama, musamukakamize choncho," anatero. "Ana a bwana nawonso amakana nsomba. Koma ndikaidula ngati zala n'kuikazinga, amachita kulimbirana. Kumeneko ndimakunkhuniza m'nyenyeswa za buledi. Inu yesani mgaiwa. Muyambe mwaukazinga pang'ono kuti ununkhire, nsombayo muiviike kaye m'dzira kuti ufa ugwire."

Anasisita mwana pamutu n'kupitiriza ulendo wawo. Sanakhalitse, ndipo sanabwerenso.

M'damu la bwana sitinkaloledwa kuwedza, koma kumunsi kwake kunali kamtsinje kamene nyengo yotentha kankatsala timadziwe ta matope. M'menemo munkabisala milamba. Lamlungu m'mawa ndinkapita ndi thumba, n'kulowa m'matopemo mpaka m'mawondo, n'kumafufuza ndi manja. Woyamba amene ndinagwira anandilasa ndi munga wake pachikhatho, dzanja n'kutupa mpaka m'chigongono. Mlamba safa msanga. Ndinkaugoneka pamwala n'kumauphwanya mutu ndi mwala wina, koma mchira unkangomenyabe pansi. Ngakhale nditautumbula, matumbo ali padera, unkaphiriphithabe m'manja mwanga.

Kunyumba ndinkaukhula ndi phulusa lotentha kuti uchoke kuterera, n'kuusenda khungu. Mnofu ndinkaulekanitsa ndi msana ndi mpeni wakuthwa, kenako n'kuyendetsa chala paliponse kufunafuna minga, chifukwa munga umodzi ukanandiwonongera zonse. Ndinkaudula tizidutswa tatitali ngati chala changa, n'kuthira mchere ndi madzi a ndimu. Dzira linkachokera kwa nkhuku yanga yamawangamawanga. Mgaiwa ndinkaukazinga mpaka utafiirira, ndipo patapita nthawi ndinaphunzira kusakanizamo nsinjiro pang'ono. Chiwaya changa chinali disiki yakale ya pulawo imene anaitseka kabowo kuwekishopu.

Ulendo woyamba zinapserera. Wachiwiri ufa wonse unayoyokera m'mafuta chifukwa ndinafulumira kuponya asanatenthe. Wachitatu zinatuluka zofiirira, zouma kunja, zofewa m'kati. Ndinauzira kachidutswa kamodzi mpaka katazizira, n'kukaika pambale patsogolo pa mwana, ine n'kuyang'ana kumbali ngati sindikusamala. Anakatola, anakazunguza, anakanunkhiza. Kenako ndinamva khwa. Atamaliza anatambasula dzanja.

Mlongo wake anasiya buledi n'kubwera kudzakhala pambali pake. Ndi iyeyo amene anazipatsa dzina loti tizala. Lamlungu lililonse masana ana a nyumba zoyandikana ankazungulira moto wanga, ndipo ndinkawanyemera pang'onopang'ono. Masiku ena ndinkamupatsa mwana mbatata, maungu, phala la nsinjiro, ndipo popeza njala yake inali itabwerera, ankadya. Buledi wa bambo ake ndinkaubisa pamwamba pa khoma. Miyezi itapita mimba inaphwa, tsitsi linada, ndipo anayambanso kuyenda, akugwira khoma.

Ndinkaganiza kuti mwana akachira nkhani ya tsempho itha. Koma kumpopi anangoitembenuza. Ankati mwana wachira chifukwa mwini wake wa tsempholo wabwera ndi mankhwala, ndipo wina anakumbukira kuti anaona agogo aja atakhala pakhonde panga. Nkhaniyo inayenda mpaka kubawa.

Linali Lamlungu masana, kukutentha kwambiri. Ndinali nditagwada pamoto kuseri kwa nyumba, mafuta akuwira m'chiwaya, ana anga awiri atakhala pamphasa chapafupi. Ana a nyumba zoyandikana amene anazungulira moto anayamba kuthawa mmodzimmodzi, ndipo nditacheuka ndinaona mwamuna wanga akubwera, lofu m'khwapa, malaya ali ndi magazi amene sanali ake. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anali atakumana ndi agogo aja pasitolo. Anawagwetsa pansi n'kuwaponda kumaso ndi jombo, anthu akuonerera.

"Zimenezi ndi zimene anakuphunzitsa mwamuna wako uja?" anatero, akuloza chiwaya.

"Bambo, ndi nsomba chabe. Taonani mwana mmene wachirira."

"Mwana wanga adya zanga."

Anagwira mwana wamkaziyo pamkono n'kumunyamula m'mwamba ngati nkhuku. Anakhala pansi, n'kumupana pakati pa mawondo, n'kunyema buledi wamkulu. Mwana anatseka pakamwa. Iye anamutsina mphuno mpaka atayasamula, n'kukankhiramo buledi ndi chala chachikulu. Anakankhiranso wina. Maso a mwana anatong'oka, nkhope inayamba kuda, ndipo sankatha ngakhale kulira.

Ndinamugwira mkono. "Mumupha! Bambo, mumupha!"

Anandigunda ndi chigongono pakamwa, mano awiri akutsogolo n'kuthyoka. Ndinagwera chagada. Mwana wamwamuna uja anathamangira kwa ine. Bambo ake anaimirira, wamkaziyo ali m'dzanja limodzi, n'kumenya chiwaya ndi phazi. Mafuta anauluka. Ena anatera paphazi panga, koma ambiri anatera pamwendo wa mnyamatayo, kuyambira pabondo mpaka pakakolo. Kulira kwake kunamveka mpaka kushedi. Khungu linatuwa pomwepo n'kuyamba kukwinyika.

Pamoto panali chikuni cha msasa, chachikulu ngati mkono wa munthu, choyaka mbali imodzi. Ndinachigwira ndi manja onse awiri. Koyamba ndinamumenya pamkono umene anagwirira mwana, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Mwana anagwera pamphasa. Kachiwiri ndinamumenya kumaso ndi mbali yoyakayo. Anagwada, akukuwa, akuphimba maso ndi dzanja lotsalalo. Ndinamumenyanso pamsana ndi pakhosi, makala akuthothokera m'malaya mwake, mpaka azibambo awiri atandigwira chakumbuyo n'kundilanda chikunicho.

Nditamasuka ndinathamangira kwa wamkaziyo. Ndinamuzondotsa, n'kupisa chala kukhosi, n'kukolowola buledi wonyowa. Anatsokomola, anasanza, kenako analira. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anali atanyamula kale mnyamata uja n'kumuika pansi pa mpopi, madzi akuyenderera pamwendo.

Foromani anabwera ndi galimoto ya pafamu. Tinakwera kumbuyo tonse anthu a banja limodzi, pamodzi ndi agogo aja, amene anawagoneka pamatumba nkhope itatupa osaoneka maso. Mwamuna wanga anakhala kungodya ina akubuula. Njira yonse mwana wanga wamwamuna ankangoti, "Amayi, kukuwotcha. Amayi, kukuwotcha."

Kuchipatala tinakhalitsa. Bala la mnyamata linkatsukidwa m'mawa uliwonse, ndipo ankafunika anthu awiri omugwira. Wamkazi anatsegulanso m'mimba kwa masiku angapo chifukwa cha buledi amene anameza, kenako anakhala bwino. Agogo aja diso limodzi silinaonenso. Bwana anachotsa ntchito mwamuna wanga tisanatuluke n'komwe. Za mano anga ndi za mwendo wa mwana anati ndi nkhani za m'banja. Chimene chinamukwiyitsa n'choti panalibe womuphikira.

Nyumba ya m'komboni inkayendera ntchito, choncho tinauzidwa kuti tituluke. Achimwene anga, amene ankagwira ntchito yosankha fodya pafamu ina kufupi ndi Concession, anabwera pabasi atamva uthenga. Anakhala pansi ndi mwamuna wanga pamthunzi, pamaso pa akuluakulu a m'komboni. Mwamuna wangayo mkono unali m'pulasitala, tsaya limodzi lili ndi chipsera chofiira.

"Mkaziyo mutenge, ndi kamwana kodwalako," anatero mwamuna wanga. "Wamwamunayo atsale. Kuno ndi ku Zimbabwe, mwana ndi wa bambo."

Achimwene sanakweze mawu. "Alamu, ife ndife Achewa ngakhale tili kuno. Ana awa ndi mbumba yanga. Komanso tamufunseni mwiniwakeyo ngati akufuna kutsala."

Mnyamatayo anali atakhala pambali panga, mwendo uli m'mabandeji. Bambo ake anamuitana. Iye anangogwira chitenje changa n'kuyang'ana pansi. Anamuitananso mokalipa, ndipo mwanayo anadzikodzera pomwepo. Akuluakulu aja anayang'anana, mmodzi n'kunena kuti nkhani yatha.

Tisananyamuke ndinapita kukatsanzika agogo aja. Ndinawapeza atakhala pampando panja, diso litamatidwa. Ndinagwada. Iwo ndi amene anayamba kulankhula.

"Mama, mwana akudya?"

"Akudya, agogo."

"Basi. Pitani bwino."

Ku Concession ndinalowa ntchito kushedi limodzi ndi achimwene, ndipo ana anayamba sukulu ya pafamu. Aphunzitsi ndinawauza za tirigu, ndipo mwanayo atakula pang'ono anaphunzira kukana yekha akapatsidwa banzi. Mwamuna uja ndinamva kuti anapita ku Mhangura kukafuna ntchito kumgodi, n'kukwatira kumeneko. Atamwalira, patapita zaka, abale ake anatumiza uthenga. Mwana wamkazi anati sakumukumbukira. Wamwamuna, amene tsopano anali wamtali kundiposa, m'mawa mwake anavala thalauza lake la kutchalitchi n'kukakwera basi yekha. Anabwerako patatha maliro, n'kundiuza kuti kunali anthu ochepa, ndiponso kuti ali ndi azing'ono ake atatu kumeneko.