Thabwa la Mafunde Aang'ono

Linali Lamulungu lomaliza la mwezi wa Okutobala, nthawi itangokwana 3 koloko masana, pamene amuna anga anandiuza kuti ndiwasankhire thabwa. Ndinali nditakhala pa thumba la mpunga kuseri kwa kauntala m'golosale ina pa Sharpevale, mwana ali pamiyendo, foni ya eni sitolo ili m'manja mwanga.

Foni yanga inali yamabatani, yosaonetsa nkhope. Choncho Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkayenda ulendo wopita kwa mayi a pagolosalepo. Iwo ndi Asilamu, ndipo mchimwene wawo ankagona nyumba imodzi ndi amuna anga ku Durban. Mayiwo ndiwo ankandiimbira foniyo, chifukwa ine ndinkaopa kudina polakwika.

Amuna anga anapita ku Joni ndili ndi pakati pang'ono. Kubanja kwawo si zachilendo. Agogo awo anakumba m'migodi, bambo awo anakalambira m'mafamu a kumeneko. Amuna angawo anapeza ntchito kwa mzungu wina wosema matabwa amene anthu amaimapo n'kumatengedwa ndi mafunde a nyanja yamchere. Matabwawo si a mtengo ayi. Ndi chinthu choyera, chopepuka ngati chija amatchingira nacho wailesi yatsopano m'katoni, ndipo akamaliza kusema amachimata kunja kuti chilimbe. Ntchito ya amuna anga inali kupala ndi sandipepa. Pa foni ankaoneka ndi fumbi loyera m'mutu ndi m'nsidze ngati munthu wa pachigayo.

Mwana anabadwa nthawi yozizira, bambo ake kulibe. Kwathu mwana akabadwa amadikira kuti bambo ake amutengere kumphasa. Isanafike nthawiyo sanyamulidwa ndi munthu wamba, ndipo mayi ake sathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lake. Akuluakulu amati mukaphonya mwana amatsempheka, amatupa masaya ndi mapazi. Kutchalitchi sazinena izi, koma sindikudziwa mayi wa m'mudzi mwathu amene anayeserapo dala. Ilipo njira ina ya ana amene bambo awo ali kutali, yowasambitsa madzi a mizu. Koma mayi akasambitsa mwana, ndiye kuti wavomera pamaso pa mudzi wonse kuti mwamuna wake sabwera msanga, mwinanso watchona. Amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, ndiwo amadziwa mizuyo, ndipo anali atandifunsapo kale. Ine ndinayankha kuti, "Abwera Disembala. Analonjeza."

Tsiku limenelo nditalowa m'golosale, mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wafika mkazi wa ku Joni. Lero wadzola mafuta botolo lonse kuti akuone ukuwala?" Kenaka anaweramira mwana, manja atawabisa kumbuyo. "Nanga iwe ndidzakunyamula liti ine? Manja akundiyabwa. Uwauze bambo akowo afulumire."

Foni italira pang'ono, nkhope ya amuna anga inatulukira. Sanali kunyumba kumene amagona. Anali kuntchito, ngakhale linali Lamulungu, m'kachipinda ka makoma abuluu.

"Mayi a mwana, mwaswera bwanji? Kamunthuko kali kuti? Takaonetseni kuno."

Ndinamutembenuzira mwana ku foni. Anamuseweretsa, namuimbira likhweru, mwana n'kumangofuna kuluma foniyo. Atatero anati, "Lero ndili ndi nkhani yabwino."

Ndinaganiza kuti agula tikiti ya basi.

"Abwana andilola kusema thabwa langalanga," anatero. "Langa ine, loyamba ndi manja angawa. M'mawa ndimapita kumadzi ndi lobwereka, ndipo tsopano ndimaima osagwa. Koma ndasowa chosankha. Ndikufuna musankhe ndinu."

Anatembenuza foni. Pakhoma panali patatsamira matabwa awiri osemedwa kale oti aonerepo, onse aatali kuposa munthu. Limodzi linali lotambalala, mutu wake wozungulira ngati lichero, kumchira kodulidwa mowongoka. Ataligoneka pansi linagona lonse, osatukuka. Linalo linali lowonda, losongoka kumchira ngati tsamba la bulugama, kumutu lopindikira m'mwamba ngati nthochi.

"Lowondali ndi lokongola, ndipo limakhota msanga," anatero akulisisita. "Koma limafuna funde lamphamvu lolikankha. Likasowa, limangomira kumchira, iwe n'kutsala ukupalasa. Lotambalalali ndi laulesi pokhota, lolemeranso ponyamula. Koma kafunde kofika m'mawondo kamalitenga, ndipo munthu umatha kuyenda pamwamba pake mpaka kumutu."

Ine funde sindinaliwonepo. Ngakhale nyanja yathu ino, imene anthu amapita ndi kubwerako tsiku lomwelo, sindinaifikepo. Ndinachita manyazi kuti akufunsa ine, wolekera Sitandade 4, za zinthu za azungu. Koma anali kudikira, ndiye ndinafunsa kuti mafunde amene akufuna kukwerawo ndi otani.

"Aang'ono, ofooka. Chilimwe cha kuno nyanja imagona."

Madzi amene ndimawadziwa ndi a kumtsinje kumene timachapa. Akaphwa n'kumayenda mwaulesi, tsamba lalikulu la mkuyu limapitabe, pamene kamtengo kamangozungulira pamodzi n'kukodwa. Ndinaganizanso za munthu amene kwawo sanaphunzire kusambira, ataima pa chinthu chowonda pakati pa madzi.

"Tengani lotambalalalo," ndinatero. "Silikugwetsani."

Mayi a pagolosale, amene ankayezera munthu shuga, anakuwa ali pomwepo. "Mwamva achimwene? Akazi anu akuti tengani chonenepa. Zowonda za ku Jonizo muzisiye."

Amuna anga anaseka mpaka foni inagwedezeka. Wogula shuga uja anasekanso. Nanenso ndinaseka nditaphimba pakamwa. Anati ndasankha bwino, abwana awonso ananena zomwezo, kungoti iwo amuna angawo maso anali pa lowonda lija. Anati ayamba mawa kulemba mzere wake pa chinthu choyeracho, ndipo pofika nthawi ya mafunde aang'ono likhala litauma.

Ndinafunsa mongocheza, osadziwa chimene ndikufunsa. "Chilimwe cha kumeneko chimayamba liti?"

"Disembala. Mpaka Febuluwale. Ndi pamene alendo amadzaza, ntchitonso imachuluka."

Ananena akuyang'ana thabwa. Atatukula maso n'kuona nkhope yanga, anasiya kumwetulira. Ndinkamva sikelo ikulira pa kauntala ndi njinga zamoto zikudutsa pamsewu.

Ine ndine munthu wosowa pakamwa. Ndili mwana, mlendo akabwera ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma m'sitolo munali anthu, ndipo foni inali ya eni. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Likwana m'basi?"

"Ayi, mayi. Ili ndi lalitali kuposa chitseko cha tchalitchi. Likhala konkuno."

"Nanga mwanayu?"

"Mwati bwanji? Mawu akuduka."

Ndinayandikitsa foni pakamwa. "Ndati nanga mwanayu."

Anapukuta kumaso ndi dzanja, fumbi loyera n'kutsalira patsaya. "Mwina Isitala. Musaone ngati ndakutayani. Ndikachoka Disembala, malo anga alowa wina, ndipo mwayi uwu sudzabweranso. Zinazo akuluakulu akudziwa mmene amachitira. Inenso bambo anga anandipeza ndikuyenda kale."

Ndimafuna nditakwiya, koma mkwiyo sunabwere bwinobwino. Kwathu iwo anali mkamwini. Ankalima munda wa mayi anga, ankagona m'nyumba yomangidwa pa malo a mayi anga, ndipo chawochawo chinali khasu ndi njinga yakapalasa. Sindinawamvepo akunena kuti "langalanga" ndi mawu amene ananenera tsiku limenelo. Nkhope imene ndinaiona akusisita thabwa lija, kunyumba sindinaiwonepo, ngakhale pa tsiku la ukwati wathu. Icho ndicho chinandipweteka kwambiri, ndipo sindinadziwe kuti ndimukwiyire ndani.

"Ndamva," ndinatero.

"Mundipatsire moni amayi."

"Amva."

Foni inazima. Mayi a pagolosale anailandira osanena nthabwala ina. Anatunga madzi mumtsuko wawo wa kuseri n'kundipatsa, nadikira kuti ndimwe onse. Anandithandiza kukoka chitenje pobereka mwana, koma mwanayo sanamukhudze.

"Pita dzuwa likadalipo," anatero. "Lamulungu ubwerenso. Usaleke kubwera."

Njira ya kwathu imadutsa m'minda. Anthu anali atamaliza kuunga mizere, ikungodikira mvula. Kunkatentha, mwana anagona, thukuta lake ndi langa zinasakanikirana pamsana. Ndinkaganiza za azimayi a pachitsime, mmene adzayang'anirane akamva. Ndinkaganizanso za mwana wa miyezi inayi amene azakhali ake enieni anali asanamunyamulepo, kuti adikire mpaka Isitala ya "mwina".

Ndinapeza mayi anga pakhonde akusankha mbewu ya mtedza.

"Ali bwanji bambo a mwana?"

"Ali bwino. Akupereka moni."

"Disembala yemweyu?"

Ndinamasula mwana n'kuyamba kumuyamwitsa. Mayi anandiyang'ana pang'ono, kenaka anabwerera ku mtedza wawo, ndipo sanafunsenso.

M'mawa mwake, Lolemba, sindinapite kumunda. Ndinabereka mwana n'kupita kwa amayi aakulu. Ndinadzera njira ya pachitsime, pamene panali patadzaza kale azimayi, chifukwa ina kulibe. Ndinawapatsa moni n'kupitirira. Amayi aakulu ndinawapeza akutulutsa mbuzi m'khola. Ndinagwada chapatali mpaka anamaliza.

"Amayi, ndabwera za mwanayu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse za ku Joni.

"Mizu yake ili kutsidya kwa dambo," anatero, "ndipo nthaka yauma gwa. Ine msana sukundilola. Tenga khasu ilo, ukakumbe ndiwe."

Ndinamangitsa chitenje pachifuwa, ndinatenga khasu, n'kuwatsatira pambuyo.